OWERUZA MAFILIMU: KODI ANAKULIRA KUTI, NANGA AMAKONDA ZOTANI?

Amene anali ana m'zaka za m'ma 1970 m'midzi ya ku Katete, Chadiza kapena Petauke adzakumbukira tsiku limene galimoto la kanema la Zambia Information Services linali kufika pa bwalo la sukulu. Dzuwa likalowa jenereta inali kulira, nsalu yoyera inali kupacikidwa pa mitengo, ndipo mudzi wonse unali kukhala cete pa fumbi. Basikopo ikatha, mkangano unali kuyamba m'njira. Wina anali kunena kuti mnyamata wa m'cithunzi uja analakwa, wina kuti wolakwa anali atate wace, pamene nkhalamba yina sinaone kanthu kena koma ng'ombe zonenepa zimene zinapita kumbuyo kwa anthu olankhulawo. Onse anapenya nsalu imodzi, koma aliyense anafika kunyumba ndi filimu yace-yace.

M'maiko ambiri muli anthu amene amalandira malipiro cifukwa ca mkangano wotere. Nchito yao ndi kuonerera mafilimu atsopano ndi kulemba m'manyuzipepala ngati ali abwino kapena oipa. Mau ao ali ndi mphamvu, maka-maka pa filimu yaing'ono imene iribe ndalama zoilengezera. Akaitamanda, amalonda amaigula ndi kuitumiza m'maiko ena. Akaitaya, imafera m'bokosi, ndipo amene anaipanga sapezanso womukongoza ndalama za filimu yaciwiri. Nanga popeza ali ngati nduna za pa bwalo la milandu, nkoyenera kufunsa kuti anabadwira m'nyumba zotani ndiponso analowa bwanji nchitoyo. Palibe mayeso amene munthu amalemba kuti akhale woweruza mafilimu. Ochuka koposa mwa iwo analowera pa makomo osiyana-siyana, ena pa zenera.

MWANA WOTHAWA SUKULU

Ku France dzina limene limachulidwa coyamba ndi la François Truffaut, amene anabadwa mu mzinda wa Paris m'caka ca 1932. Sanawadziwe atate ace omubala, ndipo zaka zace zoyamba anakhala ndi ambuye ace akazi cifukwa amai ace sanali kumufuna pafupi. Mnyamatayu anali kuthawa sukulu ndi kukabisala m'nyumba za kanema, nthawi zambiri osalipira pa khomo. Anasiya sukulu ali ndi zaka 14. M'caka ca 1948 anayambitsa kagulu koonetsa mafilimu, nalowa m'nkhongole zimene sanathe kubweza, kotero kuti mwamuna wa amai ace anamupereka yekha kwa apolisi ndipo anatsekeredwa m'nyumba yosungira ana opulupudza. Atakula analowa usilikari, nathawanso, naikidwa m'ndende ya asilikari.

Amene anamuombola ndi Bambo André Bazin, munthu wofatsa amene anaphunzira uphunzitsi koma sanaloledwe kuphunzitsa cifukwa ca cibwibwi. Bambo Bazin anali kupita ndi mafilimu m'mafakitale kukaonetsa anchito ndi kukambirana nao, ndipo m'caka ca 1951 iwo ndi anzao anayambitsa magazini yochedwa Cahiers du Cinéma. Anamtenga Truffaut kukhala naye m'nyumba mwao monga mwana wao, namupatsa malo olembapo.

Mwana amene sanaleredwe ndi aphunzitsi sanaope aphunzitsi. M'mwezi wa January 1954 Truffaut, ali ndi zaka 21, analemba nkhani yonyoza akulu-akulu olemekezeka a mafilimu a ku France. Anati mafilimu ao anali ngati mabuku obvekedwa zithunzi, osalala koma opanda moyo. Iye ndi anzace a pa magaziniyo anatamanda m'malo mwace mafilimu a ku America a Alfred Hitchcock ndi Howard Hawks, amene anthu ophunzira a nthawi imeneyo anali kuwayesa zoseweretsa za anthu wamba. Sikobvuta kuona kumene cikondi cimeneci cinacokera: amenewo ndiwo mafilimu amene anamusunga mu mdima pamene anzace anali m'kalasi. Lilime lace linali lakuthwa kotero kuti m'caka ca 1958 anakanizidwa cilolezo ca atolankhani pa cikondwerero cacikuru ca mafilimu ca ku Cannes. Caka cotsatira anabwerera ku Cannes komweko ndi filimu yace-yace, Les Quatre Cents Coups, yonena za mnyamata wothawa sukulu amene aba taipi ndi kutsekeredwa, nalandira mphoto ya wotsogolera filimu wopambana. Bambo Bazin sanaione. Anamwalira mu November 1958 ali ndi zaka 40, kujambula kutangoyamba kumene.

MWANA WA MLIMI NDI MWANA WA YUNIVESITI

Ku America kunali Mai Pauline Kael. Anabadwa m'caka ca 1919 pa famu la nkhuku ku Petaluma, m'cigawo ca California, makolo ao ali Ayuda ocokera ku Poland. Famulo linagwa iwo ali ndi zaka 8 ndipo banja linasamukira ku San Francisco. Anaphunzira pa yunivesiti ya Berkeley koma sanatsirize. Anagwira nchito zophika, zosoka ndi zina zotero polera okha mwana wao wamkazi. Nkhani yao yoyamba inasindikizidwa m'caka ca 1953, mkonzi wina atawamva akutsutsana ndi mnzao za kanema m'nyumba yomwera khofi. Filimu yace inali Limelight ya Charlie Chaplin, ndipo Mai Kael anainyoza.

Mai ameneyu anali kudana ndi filimu yodzionetsa ulemu, ija yofuna kuphunzitsa woonerera ngati mwana wa Sande sukulu. Anali kukonda filimu imene imagwira munthu m'mimba, ngakhale ikhale yaphokoso kapena yamwano, ndipo anali kudziwika kuti saonerera filimu kawiri, popeza anali kukhulupirira zimene mtima wao wamva pa ulendo woyamba. Anali kulemba monga munthu akulankhula pa khonde.

Pa nthawi imeneyo mfumu ya oweruza mafilimu ku New York inali Bambo Bosley Crowther, wophunzira pa yunivesiti ya Princeton, amene analemba mu New York Times kucokera mu 1940. Iwo anali kukonda mafilimu a phunziro ndi a makhalidwe. M'caka ca 1967 kunatuluka Bonnie and Clyde, filimu yonena za mnyamata ndi mtsikana amene anali kuba m'mabanki pa nthawi ya umphawi waukuru wa m'ma 1930. Bambo Crowther anaidzudzula kangapo konse cifukwa cosakaniza nthabwala ndi mwazi. Mai Kael analemba nkhani yaitali yoiteteza mu magazini ya The New Yorker. Wolemba wina wa mu Newsweek, Joe Morgenstern, amene poyamba anainyoza, anakaioneranso ndipo sabata yotsatira anabvomera poyera kuti analakwa, cinthu cimene siciri cofala pakati pa anthu a nchito imeneyi. Acinyamata anadzaza nyumba za kanema. Miyezi yowerengeka itapita Bambo Crowther anacoka pa mpando wao, ndipo Mai Kael analembedwa nchito pa The New Yorker m'caka ca 1968, kumene anakhala mpaka 1991. Filimu inali imodzi. Amene anasiyana ndi anthu awiri amene anaipenya.

Ena analowa nchitoyi mwangozi cabe. Roger Ebert, mwana wa munthu wokonza magetsi ku Urbana, anayamba ndi kulemba nkhani za masewera, ndipo m'caka ca 1967 akonzi a Chicago Sun-Times anangomuuza kuti atenge malo a wolemba za mafilimu amene anali kucoka. Anakhalapo zaka 46 mpaka imfa yace mu 2013, ndipo mu 1975 anakhala woyamba mwa olemba za mafilimu kulandira mphoto ya Pulitzer.

Pali cinthu cimodzi cimene onsewa amafanana, cimene cimawasiyanitsa ndi munthu wa ku mudzi. Wolemba wotere amaonerera mafilimu angapo pa sabata, caka ndi caka. Nkhani ya mnyamata wosauka amene akwatira mwana wa munthu wolemera waiona kambiri-mbiri, ndipo imamtopetsa monga ndiwo imodzi-modzi tsiku ndi tsiku. Iye afuna cacilendo. Munthu amene waonerera filimu imodzi m'miyezi itatu afuna nkhani yomveka, yoseketsa ndi yoliza. Ndico cifukwa cace filimu imene olemba aitamanda nthawi zina imagonetsa anthu tulo, ndipo imene aitaya imadzaza nyumba.

AMENE ANALEMBA ZA MASO A ANTHU AKUDA

M'masiku a utsamunda amene anali kulemba za kanema mu Africa sanali kuweruza mafilimu okha, koma oonerera omwe. Bambo William Sellers, amene anali mkulu wa zaumoyo ku Nigeria ndipo anatsogolera Colonial Film Unit kucokera mu 1939, analemba kuti mafilimu a anthu a mu Africa ayenera kuyenda pang'ono-pang'ono, osadumpha, cifukwa ati anthuwo sangathe kutsata nkhani yocenjera. Pakati pa Azungu a nchito imeneyo panali kanthano kamene kanali kubwerezedwa-bwerezedwa: ati anthu a m'mudzi wina anaonetsedwa filimu ya ukhondo, ndipo atafunsidwa zimene aona anayankha kuti aona nkhuku, imene inangodutsa m'mphepete mwa cithunzi. Azunguwo anati umenewo ndi umboni wa umbuli. Sanaganize kuti munthu woweta akhoza kuona nkhuku msanga kuposa mkulu wa mu ofesi, kapena kuti filimuyo inali yosakoma kotero kuti nkhuku ndiyo inali camoyo cokha m'menemo. Maganizo otere anafika ndi kuno, popeza Central African Film Unit, imene inayamba mu 1948 ku Salisbury, inali kupangira mafilimu Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland.

Ku migodi zinthu zinali kuonetsa zina. M'zaka za 1953 ndi 1954 ku Luanshya kunakhala Mai Hortense Powdermaker, wa ku America, wofufuza za makhalidwe a anthu, amene ali mtsikana anagwira nchito m'bungwe la anchito osoka zobvala, ndipo mu 1950 anali atatulutsa buku lonena za Hollywood. Iwo anatuma anyamata a kuno kukakhala pakati pa oonerera pa bwalo la kanema la m'komboni ndi kulemba zimene anthu anali kufuula. Zimene zinalembedwa zinalowa m'buku lao lochedwa Copper Town la mu 1962. Anthu a ku migodi anali kukonda koposa mafilimu a makauboyi okwera pa akavalo, ndipo ngwazi ya m'filimu iriyonse anali kuichula Jack, kaya dzina lace leni-leni likhale lotani. Anali kuimirira, kulangiza Jack poponya nkhonya, kuseka kapsopsonedwe ka Azungu ndi kuyerekeza nyumba za m'cithunzi ndi zao.

Akuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo Mai Powdermaker anacita bwino kusunga mau amenewo. Koma kalumo ka mlendo sikameta mutu wonse. M'caka ca 2001 katswiri wa mbiri yakale Charles Ambler anabwereranso ku nkhaniyi nakumbutsa kuti mafilimu oonetsedwa kwa anthu akuda mu Northern Rhodesia anali kuyamba adulidwa ndi bungwe la boma, limene linali kucotsa zigawo zonse zimene linaziyesa zosayenera maso a anthu akuda. Filimu inali kufika yoduka-duka, nkhani yace yosalumikizana. Tsono ngati anthu a ku Luanshya anali kudzipangira nkhani yao pa zidutswa zotsalazo, sikunali kulephera kumva. Anali kugwira nchito imene mkasi wa boma unawasiyira. Anthu amenewo anali oweruza mafilimu eni-eni, koma analibe nyuzipepala.

Munthu wakuda woyamba kuchuka pa nchito yolemba za mafilimu a mu Africa ndi Paulin Soumanou Vieyra. Anabadwa mu 1925 ku Porto-Novo, m'dziko limene lero ndi Benin, ndipo anatumizidwa ku sukulu ku France ali ndi zaka 10. Anaphunzira kupanga mafilimu ku Paris, ndipo mu 1955 iye ndi anzace anapanga Afrique-sur-Seine komweko, popeza lamulo la Afalansa la mu 1934 silinali kulola kujambula m'maiko olamulidwa ndi France popanda cilolezo ca bwanamkubwa. Atakhazikika ku Senegal anathandiza Ousmane Sembène, mwana wa msodzi amene anagwirapo nchito yotsitsa katundu pa doko la Marseille asanakhale wolemba mabuku ndi wopanga mafilimu. Vieyra analemba buku la Sembène mu 1972 ndi mbiri ya kanema wa mu Africa mu 1975, namwalira mu 1987. Funso lace linali losiyana ndi la Truffaut ndi la Mai Kael. Iwo anali kufunsa ngati filimu ili ndi moyo. Iye anali kufunsanso kuti ndani wagwira kamera ndipo akulankhula kwa yani. Munthu amene anacotsedwa kwao ali mwana sakanalephera kufunsa zimenezo.

Funsoli silinathe. M'caka ca 2017 Mai Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka ndi kukulira ku Wales, anaonetsa ku Cannes filimu yojambulidwa m'dziko muno yochedwa I Am Not a Witch. Imanena za kamtsikana Shula kamene kanamiziridwa ufiti ndi kutumizidwa ku msasa wa amai omangidwa ndi maliboni oyera ku msana, nauzidwa kuti akadula liboni adzasanduka mbuzi. Olemba a ku Ulaya ndi America anaitamanda, ndipo mu 2018 inalandira mphoto ya BAFTA ku London. Koma ambiri mwa otamandawo anali kuwerenga mau a Cingerezi olembedwa m'munsi mwa cithunzi, pamene ocita sewero akulankhula zinenero za kuno, Cinyanja pamodzi. Kunyogodola kwa nkhalamba, ndi ulemu wonama wa mkulu wa boma, zimamveka m'kamwa, sizikwana m'mizere iwiri. Ndiponso maliboniwo ndi nzeru ya Mai Nyoni eni ace, ndipo msasa umene anakakhalako pofufuza nkhaniyi unali ku Ghana. Woonerera wa ku Chipata adziwa pomwepo pamene nthano yayambira. Wolemba wa ku Paris ayenera kucita kuuzidwa. Mu 2024 Mai Nyoni analandiranso mphoto ya utsogoleri ku Cannes ndi filimu yao yaciwiri, On Becoming a Guinea Fowl, yonena za zinsinsi zimene zimaululika pa maliro a malume.

KUWERENGA MAVOTI

Kumene nkhani yonseyi imaonekera poyera ndi ku London. Magazini ya Sight and Sound, ya bungwe la British Film Institute, imafunsa olemba za mafilimu kamodzi pa zaka khumi ziri zonse kuti achule mafilimu khumi opambana onse. Mwambowu unayamba mu 1952, ndipo caka cimeneco inapambana Bicycle Thieves ya ku Italy, nkhani ya munthu wosauka amene wabedwa njinga tsiku loyamba la nchito, nayenda ndi kamwana kace mu mzinda wa Rome kuifuna-funa. Anthu a kum'mawa kuno, kumene njinga ndiyo ambulansi ndi lole yomwe, sangafune wowamasulira filimu imeneyo. Kucokera mu 1962 mpaka 2002, kasanu konse, inapambana Citizen Kane ya ku America. Mu 2012 mpando unatengedwa ndi Vertigo ya Hitchcock, filimu imene pakutuluka kwace mu 1958 olemba ambiri sanaikonde. Zokonda za mwana wothawa sukulu uja ndi anzace zinali zitasanduka zokonda za aphunzitsi a m'mayunivesiti.

Koma ovota anali yani? Mu 2002 anali 145. Mu 2012 anali 846. Kafukufuku wa pa University of Southern California wa mu 2018 anaonetsa m'mene nchitoyi inaliri ku America: pa nkhani 19,559 zoweruza mafilimu 100 amene anagulitsidwa koposa mu 2017, pafupi-fupi 78 pa 100 iriyonse zinalembedwa ndi amuna, ndipo 82 pa 100 iriyonse ndi Azungu. Mu 2022 akonzi a Sight and Sound anatambasula mphasa naitana anthu 1,639, olemba pamodzi ndi aphunzitsi, osunga mafilimu akale ndi okonza zikondwerero, ocokera m'maiko ambiri kuposa kale.

Zotsatira zace zinadabwitsa ambiri. Yoyamba inakhala Jeanne Dielman, filimu ya mu 1975 ya Mai Chantal Akerman wa ku Belgium, yoyamba yopangidwa ndi mkazi kufika pa malo amenewo. Imatenga maola atatu ndi mphindi zoposa 20, ndipo mbali yaikuru imaonetsa mai wamasiye akusenda mbatatisi, kutsuka mbale ndi kuyala bedi, mpaka tsiku limene dongosolo lace lisokonekera ndipo apha munthu. Zaka khumi m'mbuyomo inali kupyola pa nambala 30. Ena anakwiya nati zimenezi ndi ndale, osati luso. Ena anayankha kuti nchito ya mkazi ya m'khichini inali yosaoneka kwa oweruza akale cifukwa ambiri a iwo sanasendepo mbatatisi. Pa mafilimu 100 oyamba, opangidwa ndi akazi anakwera kucoka pa awiri kufika pa 11. A mu Africa ya kum'mwera kwa Sahara anali awiri, onse a ku Senegal: Touki Bouki ya Djibril Diop Mambéty ya mu 1973, imene inalimo kale mu 2012, ndi Black Girl ya Sembène ya mu 1966, imene inatenga zaka 56 kuti ilowemo. Filimu ya Sembène sinasinthe ngakhale pang'ono m'zaka zonsezo.

Mwambo ukapitirira monga mwa kale, mavoti otsatira adzawerengedwa mu 2032. Maina a anthu olandira makalata owaitana kuvota amasankhidwa ndi akonzi a magaziniyo ku London.